Kuyesa Bwato Lakale Tisanagule



Ambiri a inu okhala ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George simunakwerepo bwato, koma nsomba zambiri zimene mumadyera nsima zimaturuka m'madzi pa bwato. Mtsinje wa Kafue uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka. Kumeneko, pa madooko monga la Chanyanya, amai ena a m'makomboni muno amakapikula nsomba zodzagulitsa m'misika. Wina akapeza kandarama amagula bwato lakale, nalipereka kwa msodzi kuti azigawana zogwidwa. Bwatolo likakhala lovunda ndarama zatayika, ndipo msodzi angathe kumira mu mtsinje wa ng'ona ndi mvuu.

Tiyambe ndi funso ili: kodi cimavunditsa mtengo nciani? Ambiri mudzati madzi, koma yankho limeneli nlopereweza. Mtengo umadyedwa ndi tibowa ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti timafuna cinyezi ndi mpweya pamodzi. Cipika cokhala pansi pa madzi nthawi zonse cimakhalitsa, ndipo couma gwa cimakhalitsanso. Covunda msanga ndi cimene cimanyowa lero, mawa nkuuma. Motero wogula wanzeru amayang'ana kumutu ndi kumbuyo kwa bwato, m'mbali momwe mumalekeza madzi, ndi pansi m'kati pomwe pamatsalira thamanda. Kumbukiraninso kuti boma limaletsa kusodza pa Kafue kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February. Imeneyi ndi miyezi ya dzinja, ndipo bwato losiyidwa cagada pagombe limasunga madzi a mvula nthawi yonseyo. Funsani mwini wace ngati analivundikira.

Maso okha sakwanira, pakuti penti watsopano ndi phula zimabisa zambiri. Tengani kamtengo kolimba, mugogode bwato lonse pang'onopang'ono. Pabwino pamalira mwamphamvu, koma povunda pamamveka ngati mukumenya dzungu lofewa. Pamene mwakayika, lasanipo ndi nsonga ya mpeni. Ukalowa msanga ngati mu sopo, pamenepo pafa. Mukaona timabowo tothothoka ufa, dziwani kuti mtengo wafumbwa.

Funsaninso kuti linasemedwa ndi mtengo wanji. Mlombwa, umene ambiri kuno amaucha mukwa, uli ndi mtima wofiirira wolimba ku ciswe ndi kuvunda, koma mnofu wace wakunja, woyerawo, sucedwa kufumbwa. Mmisiri wofuna bwato lalikulu pa mtengo waung'ono amasiya mnofu woyerawo m'mbali, ndipo mbalizo ndizo zimayamba kugumuka. Cigamba ca lata si coipa pa ico cokha. Asodzi ambiri amakhoma zigamba. Coyenera kuona ndi thabwa la m'mphepete mwace, ngati likugwirabe misomali. Mng'alu waufupi wa m'mwamba umamatika, koma wautali wotsata msana wa bwato umakula caka ndi caka.

Nzeru yomweyi imagwira nchito kutali. Ku Maine, m'dziko la United States, amisiri anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kupanga mabwato a timatabwa topyapyala tokutidwa ndi nsaru yolimba yonga ya tenti, potsanzira mabwato a makungwa a anthu a mtundu wa Penobscot. Kampani ya Old Town inachuka nawo. Ogula akale otere sadandaula kwambiri ndi nsaru yong'ambika, cifukwa imacotsedwa nkuika ina. Amaunika nthiti za m'kati ndi nsonga ziwiri za bwato, komwe cinyezi cimabisala.

Mayeso otsiriza ndi a m'madzi, ndipo wogulitsa wokana mayesowa musiyeni ndi bwato lace. Kapani madzi onse, muliike pamalo osaya, pamene asodzi akuti palibe ng'ona. Mukwezemo miyala kapena matumba a mcenga olemera ngati msodzi, maukonde ndi nsomba zace. Onani ngati lapendekeka, ndiponso ngati mirimo yace yatsala bwino pamwamba pa madzi. Lisiyeni ora lathunthu, kenaka kapani madzi olowamo ndi citini ca lita imodzi, mukuwerenga. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ngati pa ora mwalowa malita 10, ndiye kuti usiku wa maora 8 msodzi adzanyamula makilogalamu 80 a madzi akaleka kukapa, kulemera konga kwa munthu wamkulu wina amene sanamuitane.

Aphunzitsi, mawa ana abwere ndi tizipika tiwiri, couma bwino ndi cofumbwa. Atseke maso, wina agogode, anzace anene cimene calira. Pambuyo pace awerengere samu iyi: bwato likalowa malita 6 pa ora, lidzakhala ndi makilogalamu angati a madzi kucokera 6 koloko madzulo kufikira 5 koloko m'mawa? Mayankho tidzamva mlungu wa mawa. Tsalani bwino.