Khutba ya Lachisanu: M'mera Mpoyamba, Tiphunzitse Ana Athu Kuwerenga

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, chivumbulutso choyamba chimene Jibril adadza nacho kuphanga la Hira chidali lamulo la kuwerenga, ndipo ndime zomwezo za Surat Al-Alaq zidatchulanso cholembera. Itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, akaidi ena amene adalibe chuma chodziombolera adamasulidwa aliyense ataphunzitsa ana khumi a ku Madina kulemba. Aphunzitsiwo sadali Asilamu, komabe Mtumiki (SAW) adawapatsa ana, poti luso la zilembo ndi chuma.

Makolo athu ankapewa sukulu za mishoni poteteza chikhulupiriro chawo, ndipo mantha awo adali ndi chifukwa. Lero sukulu za boma zili pakati pathu, ndipo fizi ya ku pulayimale idachotsedwa mu 1994. Nanga chikutsekereza mwana n'chiyani ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota? Kawirikawiri ndi ife eni, tikamamutuma kukakoka khoka kapena kukayanika usipa nthawi ya sukulu. Dziwani kuti kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi. Mwana wofika kumeneko asanadziwe kuwerenga amangokhala duu m'kalasi, mapeto ake n'kusiya sukulu.

Ntchitoyi imayamba ndi kulankhula. Ana ambiri kuno amayamba sukulu akulankhula Chiyao, n'kukakumana ndi Chichewa m'kalasi. Musawanyozetse chilankhulo chawo. Asimbireni nthano ndi mbiri za Aneneri, kenako auzeni kuti abwereze m'mawu awoawo. Mwana wodziwa kulongosola nkhani kunyumba sachita manyazi kuyankha aphunzitsi.

Chachiwiri ndi kuwerenga. Njira yake timaidziwa kale kumadrasa: lembo la baa likalandira fat-ha, kasra kapena dhamma limamveka ba, bi, bu. Kusukulu nakonso mwana amaphunzira liwu la lembo, kenako maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu, n'kuwalumikiza kukhala mawu. Pamenepa ndi pamene pagona ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga imene idakhazikitsidwa mu 2016 ya Sitandade 1 mpaka 4. Koma chenjerani, kuloweza si kuwerenga. Lozani liwu la pakati pa tsamba, muone ngati mwana alitchula yekha.

Chachitatu ndi kulemba. Kope likasowa, mchenga wa m'mbali mwa nyanja ulipo. Alembe dzina lake, kenako chambo, utaka, kampango. Akakhwima, alembe mndandanda wa zokagula kumsika.

Wina anena kuti, ine sukulu sindidapiteko. M'bale wanga, makutu muli nawo. Ikatha swala ya Maghrib, khalani ndi mwana kwa mphindi 15, akuwerengereni mokweza, ndipo mumufunse zimene wamva. Onani kope lake ngati aphunzitsi adachongamo. Mwana wamkazi asatsalire kumtondo pamene mlongo wake akuwerenga, pakuti kufunafuna maphunziro ndi udindo wa Msilamu aliyense.

Ana ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za iwo pa Tsiku la Chiweruzo. Allah atsekule nzeru za ana athu, alimbitse aphunzitsi awo, ndipo atikhululukire ife ndi makolo athu. Ameen.