DAMU LA MPATAMANGA NDI MBAULA ZA KU KAWALE

Mau opita kwa atsogoleri a nthambi za Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma mu mzinda wa Lilongwe



Mpatamanga ndi kutali ndi Kawale. Malowa ali pa mtsinje wa Shire, m'malire a maboma a Blantyre ndi Neno, pakati pa Tedzani ndi Kapichira. Komabe damu limene Boma lakonza zomanga kumeneko likukhudza mayi aliyense wopemerera mbaula ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Area 25.

Chitsegulireni Nkula m'chaka cha 1966, magetsi ochuluka a dziko lino amafulidwa pa mtsinje umodzi womwewu, ndipo makina ake amadalira madzi amene akuyenda tsiku limenelo. Mu Januwale 1922 palibe amene akadalota zimenezi, koma mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anazimirira usiku umodzi. Owotcherera zitsulo ndi eni zigayo a ku Area 23 anakhala manja lende kwa miyezi yambiri.

Mpatamanga adzasiyana ndi anzakewo. Padzakhala madamu awiri. Lalikulu lidzasunga madzi masana ndi kuwatsegulira madzulo, nthawi imene nyumba zonse zayatsa nyale ndipo nsima ili pamoto. Laling'ono, kumunsi kwake, lidzaweta madziwo kuti asakokolole magombe ndi minda. Onse pamodzi adzapereka mamegawati oposa 350, ndipo m'chaka cha 2025 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni. Njira yobweretsera mphamvuyi m'chigawo chapakati ilipo kale: nthambo zazikulu zochokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma zinatha kumangidwa mu 2018.

Aliyense amaziona njinga zosenza matumba a makala zikulowa mu mzinda mbandakucha. Ambiri mwa makalawo ndi mitengo ya m'nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu. Banja la ku Mgona likagula makala chifukwa chosowa magetsi odalirika, likuphwetsa mpope wake womwe mosadziwa, ndipo palibe angalidzudzule.

Atsogoleri asalonjeze anthu kuti magetsiwa afika mawa, pakuti ntchito yotere imatenga zaka. Ogwira ntchito m'Boma nawo akumbukire kuti kuli mabanja a ku Neno ndi Blantyre amene adzasiye minda ndi manda a makolo awo. Chipukutamisozi chawo chiwafike chathunthu, madzi asanayambe kukwera.