NYUMBA ZA LENDI KUMIDZI: MWINI NYUMBA ACHITE CHIYANI LENDI IKABVUTA?

Lero tikambirana za nyumba za lendi m'madera a kumidzi. Tikudziwa kuti pakati pathu pano pali eni nyumba, palinso anthu okhala m'nyumba za lendi. Ena mwa iwo amakhala pa benchi imodzi Lamulungu, pomwe m'kati mwa sabata sapatsana moni chifukwa cha ngongole. Mau athu a lero akupita makamaka kwa eni nyumba. Tikufuna tione limodzi kuti kuthamangitsa munthu m'nyumba mwankhanza kumamuonongetsa mwini nyumba ndalama zambiri kuposa ngongole imene akuilirayo, ndiponso kuti bvuto limeneli timalipewa tsiku lopereka kiyi.

1. Kodi amachita lendi kumudzi ndani?

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo anthu 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumidzi. Ambiri mwa anthu amenewa amakhala m'nyumba zaozao, pa malo a makolo ao. Choncho ofuna nyumba ya lendi kumudzi ndi owerengeka, ndipo amapezeka pafupi ndi msika, sukulu, chipatala kapena polisi, monga tionera ku Mitundu, Mponela, Nkhamenya, Lizulu, Ntaja kapena Thondwe.

Anthu ake timawadziwa. Oyamba ndi ogwira ntchito m'boma: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, komanso apolisi. Maphunziro a pulayimale aulere atayamba mu 1994, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi ambiri analembedwa ntchito, koma nyumba za pa sukulu sizinakwane, ndipo ambiri anakafuna pokhala kwa anthu. Achiwiri ndi ana a m'masekondale oyendera, amene kwao n'kutali, ndipo amasonkherana kachipinda kamodzi awiri kapena atatu. Achitatu ndi amalonda: a magolosale, a zigayo, osoka zobvala ndi mavenda ogula mbewu.

Tikaonetsetsa, anthu onsewa ndi apaulendo. Mphunzitsi amasamutsidwa. Mwana wa sukulu amapita kwao patchuthi katatu pachaka. Venda amachoka soya ndi mtedza zikatha. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre nyumba ikatsala yopanda munthu, ofunsa sachedwa kubwera. Kumudzi nyumba imatha kukhala yotseka miyezi ingapo, chiswe chikudya mitengo ya kudenga, ana akuswa magalasi.

2. Ndalama ya lendi imayenda ndi nyengo

Kumudzi ndalama imabwera ndi zokolola. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, pamene chimanga, mtedza, soya ndi fodya zikugulitsidwa, wa golosale amagulitsa, telala amasoka, ndipo lendi imalipidwa msanga. Kuyambira Disembala mpaka Malichi zinthu zimatembenuka. Ndalama imathera ku feteleza, ku fizi ndi kogula chimanga. Ngakhale wolandira pamwezi amapanikizika, chifukwa abale a kumudzi amayang'ana kwa iye, ndipo malipiro akachedwa lendi imachedwanso.

Miyezi yomweyi ndi imene mwini nyumba nayenso ali pa moto. Ambiri mwa eni nyumba kumidzi si anthu olemera ayi. Ndi opuma pa ntchito amene anamangira nyumba ndalama za penshoni, amayi amasiye, ndi alimi amene anagula malata chaka chimene fodya anayenda bwino. Lendi ndiyo sopo wao, ndiyo mankhwala ao. Kuonjezera apo, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ya simenti, malata, misomali ndi penti inakwera kwambiri, pomwe lendi ya kumudzi siingakwere mofanana chifukwa olipira ake ndi omwe aja.

Motero mikangano yambiri ya lendi imabuka nthawi ya mvula, pamene onse awiri alibe. Tisafulumire kunena kuti yense wolephera kulipira mu Febuluwale ndi wakuba. Tisafulumirenso kunena kuti mwini nyumba wofunsa ndalama yake ndi wouma mtima.

3. Tiyeni tiwerengere

Tiyerekeze kuti nyumba yanu ndi ya K30,000 pamwezi, ndipo wokhalamo sanalipire Januwale ndi Febuluwale. Ngongole ndi K60,000. Mwapsa mtima, mwamutulutsa kumayambiriro kwa Malichi. Munthu wotulutsidwa mochititsidwa manyazi kawirikawiri sabweranso kudzalipira, ndiye kuti K60,000 ija yapita. Nyumba yakhala yopanda munthu mpaka kutha kwa Meyi: miyezi 3, imene ndi K90,000. Musanalowetse wina muyenera kupaka laimu, kukonza chitseko ndi kugula loko. Mwataya ndalama zoposa K150,000 chifukwa cha ngongole ya K60,000.

Tsopano tiyerekeze kuti munakhala naye pansi pamaso pa mboni, n'kulemberana kuti kuyambira Epulo azilipira K45,000 pamwezi mpaka ngongole ithe. Pofika kumapeto kwa Julayi ngongole yatha, nyumba sinagone yokha ngakhale usiku umodzi, ndipo mukupatsanabe moni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sitikunena kuti aliyense asungidwe mpaka kalekale. Alipo ena amene ndalama ali nazo koma safuna kulipira, ena amaononga nyumba, ena amasowetsa mtendere oyandikana nao. Otere ayenera kutuluka. Koma pali njira yake yowatulutsira.

4. Lamulo likuti chiyani?

Dziko lathu likuudziwa ululu wa kuthamangitsidwa. M'nthawi ya atsamunda, anthu okhala m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba ankalipira malo okhala pogwira thangata. Lamulo la 1928 linkalola eni maesiteti kuchotsa mabanja ofika 10 mwa mabanja 100 alionse pakatha zaka 5 zilizonse. Nkhani ya lendi ndi malo inali m'gulu la zimene zinautsa zipolowe ku Thyolo mu 1953, ndipo thangata anathetsedwa mu 1962. Tisaiwale zimenezi ife amene lero tasanduka eni nyumba.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 amateteza mbali zonse ziwiri. Gawo 28 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi chuma, ndipo asalandidwe chuma chake popanda chifukwa chomveka. Gawo limeneli limateteza nyumba yanu, komanso limateteza wailesi, mabulangete ndi miphika ya wochita lendi. Gawo 21 limateteza munthu kuti nyumba yokhalamo isamafufuzidwe ndiponso katundu wake asamalandidwe mwachisawawa. Pamene munthu akukhala m'nyumba yanu pa pangano la lendi, nyumbayo ndi khomo lake, ndipo simungalowemo m'mene mwafunira. Gawo 41 limapatsa aliyense ufulu wopita kubwalo la milandu.

Nchifukwa chake tikuti zinthu izi tizileke: kugulula chitseko, kusasula denga, kukhoma loko wina mwini ali kuntchito, kudula madzi kapena magetsi, kutaya katundu pabwalo, ndi kutuma anyamata okamuopseza. Wochita zotere amalowa m'nkhani ali wodandaula, n'kutulukamo ali woimbidwa mlandu, ndipo bwalo lingathe kumulamula kulipira zimene zaonongeka. Madzi akatayika saoleka.

Njira yoyenera ndi iyi. Poyamba mupatseni notisi yolembedwa. Kwa munthu wolipira pamwezi, notisi ikhale ya mwezi wathunthu, pokhapokha ngati pangano lanu linanena nthawi ina. Akakana kutuluka kapena kulipira, kasumeni kubwalo la majisitireti. Ntchito yotulutsa munthu m'nyumba kapena yolanda katundu wake chifukwa cha ngongole imayenera kudzera kwa a sherifu, osati m'manja mwanu. Apolisi ntchito yao ndi kusungitsa bata, sali otolera lendi. Amene alibe ndalama yolipirira loya angathe kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau.

5. Zoyenera kuchita tsiku lopereka kiyi

(a) Lemberanani pangano, ngakhale pa pepala la m'kope. Lembani maina, ndalama ya pamwezi, tsiku lolipira, kutalika kwa notisi, ndi amene azilipira madzi ndi magetsi. Ngati mita ndi imodzi pa nyumba zingapo, nenani m'mene muzigawirana mayunitsi. Asaine onse awiri ndi mboni ziwiri, ndipo aliyense asunge pepala lake.

(b) Yenderani nyumba limodzi. Werengani magalasi, maloko ndi zitseko, ndipo lembani zoonongeka kale.

(c) Funsani za munthuyo kumene akuchokera. Safunsa anadya phula. Kwa ana a sukulu, pangano likhale ndi makolo, ndipo linene ngati miyezi ya tchuthi ilipidwa kapena ayi.

(d) Perekani lisiti pa ndalama iliyonse. Ngati walipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, musafute uthengawo.

(e) Gwirizanani ndi nyengo. Wamalonda kapena mlimi angathe kulipiriratu miyezi ya njala nthawi yokolola. Inunso patulani lendi ya mwezi umodzi pachaka kuti ikhale yokonzetsera nyumba, pakuti wokhala m'nyumba yodontha sachedwa kupeza chifukwa chosalipirira.

(f) Musadikire kuti ngongole ifike miyezi 4 kapena 5. Mwezi woyamba ukadumpha, kambiranani. Zikakanika, itanani mboni zija, nyakwawa kapena akuluakulu a mphakati.

(g) Mukafuna kukweza lendi, nenani nthawi ikadalipo, ndipo musakweze mu Januwale.

6. Mwini nyumba nayenso angathamangitsidwe

Nyumba zambiri za lendi kumidzi zili pa malo a mafumu, ndipo zilibe chikalata chilichonse. Bambo akamwalira, achibale amatha kuuza ochita lendi kuti azilipira kwa iwo, mayi wamasiye ndi ana n'kutsala manja lende. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere. Tikulimbikitsa eni nyumba kuti asunge kalata yogulira malo yosainidwa ndi amfumu, afunse ku ofesi ya malo ya kwa DC za kalembetsedwe, ndiponso alembe wilu yonena amene adzalandire lendi iwo akadzapita.

Mau omaliza

Abale athu okhala m'nyumba za lendi, musamve ngati takupatsani chilolezo chosalipira. Lendi ndi ngongole, ndipo amene akuidikira mwina ndi gogo wolera ana amasiye. Mukaona kuti mwezi uno zibvuta, pitani nokha kwa eni nyumba tsiku lisanafike, m'malo mozemba njira. Inu eni nyumba, pitani mukaone ngati muli ndi pangano lolembedwa ndi aliyense wokhala m'nyumba zanu. Ngati palibe, lembani sabata yomwe ino, mkangano usanabuke.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi m'dera lathu lino amachita lendi ndi anthu otani, ndipo amabvutika kulipira miyezi iti?
2. Kodi tinaonapo banja likutulutsidwa m'nyumba mwankhanza? Zinathera pati kwa mwini nyumba, ndiponso kwa ana a m'banjamo?
3. Ndani pakati pathu angathandize anzathu osadziwa kulemba kuti akhale ndi pangano la lendi lolembedwa?
4. Tingawateteze bwanji amayi amasiye amene akulandidwa lendi ya nyumba zao?