Mano ndi Matenda a Mgonagona: Mawu kwa Abale Okhala ku Britain

  

Ambiri a ife tinafika m'dziko lino tsitsi lili bii, koma lero imvi zatulukira, ndipo pamodzi ndi imvizo afika alendo amene akalowa m'nyumba satsanzika: shuga, kuthamanga kwa magazi, mtima, impso, mphumu, ndipo ena tili pa ma ARV, kotero kuti si chachilendo munthu mmodzi kumeza mapiritsi a mitundumitundu dzuwa lisanakwere. Kwa GP timapita mokhulupirika ndipo magazi timayezetsa, koma m'kamwa timaiwalamo kufikira usiku umene tsaya latupa ndi tulo tathawa. Tsono chimene ndachiona pa ntchito yanga yosamalira okalamba, chimene ndikupemphani muchisunge ngakhale zina zonse mutaziiwala, ndi ichi: dokotala wa mano kawirikawiri saona zimene GP wanu analemba, ndipo za thupi lanu adziwa zokhazo zimene mwamuuza ndi pakamwa panu. Chotero popita kwa iye nyamulani pepala la mankhwala anu onse, kapena mabokosi ake enieniwo, osasiya ndi limodzi lomwe, ngakhale lija mumalibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lamulo limamumanga iye kusunga chinsinsi chanu, ndipo saloledwa kukubwezani chifukwa cha kachirombo.

Inu a shuga, imvani bwino. Shuga akakwera, nkhama zimatupa ndi kukha magazi, fupa logwira dzino limadyeka pang'onopang'ono popanda ululu, kufikira mano amene sanabowoke n'komwe ayamba kugwedera. Ndipo chiseyeyecho chikakhazikika, nachonso chimavutitsa shuga kuti asatsike, kotero kuti munthu amadabwa kuti metformin akumwa, nsima wachepetsa, koma zotsatira za magazi sizikukondweretsa. Kuchiza nkhama kumathandizako ndithu kutsitsa shuga. Pemphani dokotala wa mano kuti akuoneni m'mawa, ndipo musapite ndi njala mutabaya insulin, mungakomoke pampando.

Koma mtima wanga uli makamaka pa abale akumwa warfarin ndi mankhwala ena oletsa magazi kuundana, pakuti pamenepa ndi pamene nzeru za m'mutu zimaphetsa. Munthu akamva kuti mawa akazula dzino, amaganiza kuti achita mwanzeru kusiya mapiritsi kuti asataye magazi ambiri, osadziwa kuti magazi a pabala la dzino dokotala angathe kuwaletsa ndi thonje ndi ulusi, pamene magazi oundana mu ubongo amasiya munthu wofa ziwalo. Musasiye nokha, ndapota nanu. A warfarin amayezetsa magazi kuti aone INR tsiku lozula lisanafike, ndipo ikakhala pansi pa 4 dzino limazulidwa mankhwala akumwedwabe. Dziwaninso kuti ibuprofen ndi diclofenac, amene timawakonda dzino likabaya, sagwirizana ndi warfarin, amapweteka impso zodwala kale, ndiponso amakweza BP. Flagyl uja timatumizirana m'zikwama kuchokera kumudzi amawonjezera mphamvu ya warfarin kufikira munthu kukha magazi. Paracetamol ndiye bwenzi la ambiri a ife, malinga tisapyole muyeso wolembedwa pabokosi. Ndipo za kuika aspirin padzino lopweteka, zisiyeni; amangowotcha nkhama, dzino lili chipwetekere.

Pali zinanso zimene mankhwala amachita m'kamwa mwakachetechete. Amlodipine ndi nifedipine a BP, ndi phenytoin wa khunyu, amatha kukulitsa nkhama mpaka kukwirira mano. Mapiritsi okodzetsa ndi amitriptyline amaumitsa malovu, ndipo m'kamwa mopanda malovu mano amabowoka msanga. Pamenepo imwani madzi pafupipafupi, osati kumangoyamwa maswiti. A mphumu, mukapopera inhela ya steroid, chukuchani m'kamwa ndi madzi kuti musachite zoyera palilime. Amayi amene munapatsidwa alendronate wolimbitsa mafupa, nenani dzino lisanazulidwe, pakuti mwa ena fupa la nsagwada limakana kupola. Amene muli ndi vuto la mavavu a mtima, kapena anakuikani ochita kupanga, nenaninso, chifukwa tizirombo ta m'kamwa tikalowa m'magazi timakonda kukakhala pomwepo.

Ndifike pa ndalama, pakuti ndikudziwa kuti ndiyo imatigwira mwendo. Ku England, wa shuga womwa mankhwala amalandira chiphaso chotengera mankhwala ake ulere, koma chiphaso chimenecho sichifika kwa dokotala wa mano, ndipo ngakhale ndalama ya zaumoyo ija tinalipira pa viza siichotsa mtengo wa mano. Mu 2024 kuonedwa chabe kunali £26.80, kuzula kapena kumata dzino £73.50, ndipo mano oikirira £319.10. Ana osafika zaka 18, amayi oyembekezera ndi amene abereka m'miyezi 12 yapitayi salipira, ndipo wopeza zochepa angathe kudzaza fomu ya HC1 kuti achepetseredwe kapena akhululukidwe mtengo wonse. Ku Scotland kuonedwa n'kwaulere. Safunsa anadya phula, abale anga.

Ena mumati, ndidzazula ndikapita kumudzi pa Khirisimasi. Sindinyoza kwathu, kuyambira 2019 ku Blantyre akuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo n'zonyaditsa. Koma mafinya sawerenga kalendala. Nkhope ikatupa, thupi likatentha, imbani 111 tsiku lomwelo; ndipo kutupako kukatsikira pansi pa chibwano, kumeza kapena kupuma kukayamba kuvuta, musadikire kuti kuche, pitani ku A&E kapena imbani 999.

Za tsiku ndi tsiku n'zazifupi: tsukani mano kawiri, makamaka pogona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo mukatha lavulani chabe osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pamano.

Inu ana amene makolo anu Chingerezi chimawavuta, aperekezeni, mukawathandize kufotokoza. Ndipo amene fomu ya HC1 ikukuzunguzani mutu, ndilembereni kumbali, tidzadzaza limodzi Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi.