Tiyendeko ndi Ana Athu

(Mawu amene mmodzi mwa anzathu ogwira ntchito mongodzipereka anayankhula pamsonkhano wa makolo kuno ku Luwani)

Andipatsa mphindi zochepa, ndiye ndikamba chinthu chimodzi chokha: kuyenda ndi ana athu aang'ono.

Ndikudziwa kuti ambirife tikamva mawu oti "kuyenda" mtima umagunda. Pochoka kwathu ku Tete m'chaka cha 2016, banja langa linayenda usiku, kudzera m'tchire, mpaka kukafika ku Kapise. Mwana wanga wamkazi anali ndi miyezi itatu, ali kumsana kwa mayi ake. Akangoyamba kulira, mayi ake ankamupatsa bere msangamsanga kuti asamveke. Ine katundu pamutu, maso kumbuyo. Sindikumbukira mtengo ngakhale umodzi umene tinadutsa.

Atatisamutsira kuno ku Luwani, miyendo yanga sinadziwe kuti ulendo uja watha. Kumjigo ndinkathamanga, kolandira chakudya ndinkathamanga, ngati pali wina akundilondola.

Amene anandiphunzitsa kuyenda pang'onopang'ono ndi mwana yemwe uja. Pano ali ndi zaka ziwiri. Tsiku lina madzulo ankavutitsa mayi ake pamoto, ndipo iwo anati, "Abambo ake, tamutengani mukazungulire naye, ine ndiphike." Ndinanyamuka monyinyirika. Kuchokera pakhomo pathu kukafika pamlambe uja ndimayenda mphindi zisanu, koma tsiku limenelo tinatha ola lathunthu. Ananjuta pamzere wa nyerere n'kumaziyang'ana. Anatola kamwala n'kundipatsa kuti ndimusungire. Kenako anaona mbuzi, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse, "Meee!" Dzanja langa linanyamuka lokha kuti ndimutseke pakamwa. Ndinaliimitsa m'malere, n'kudzifunsa kuti, kodi ndikumubisa kwa ndani? Ndinamusiya akuwe. Mbuzi inathawa, iye kuseka, ine misozi ili mbwee.

Kuyambira pamenepo timayenda tsiku lililonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndawaonadi, chifukwa nthawi ya mvula mwanayu sadutsa nkhono osaipatsa moni. Mawu ambiri amene akudziwa anawatola panjira: mbuzi, njinga, mwezi, galu. Sabata yatha anagwirizanitsa awiri, akuti, "Mbuzi yapita." Azaumoyo amatiuza kusikelo kuti mwana amaphunzira kuyankhula pomva anthu akuyankhula naye. Zidole za m'sitolo tilibe, koma njira ili ndi zambiri zoti timutchulire. Tikafika pamlambe ndimamuuza kuti, "Mtengo uwu kwathu uliponso, agogo ako ankakhala pansi pake." Sakumvetsa panopa, koma akumva.

Tsopano ndiyankhule nanu abambo anzanga. Ena munandiseka, munati, "Achimwene, mwasanduka mlezi?" Sindinakwiye. Ndikudziwa mmene zimapwetekera kukhala pabawo tsiku lonse, maganizo ali kuminda imene tinasiya. Maganyu ndi ochepa, ndipo zoti tibwerera liti sitingazilamule. Koma nthawi tili nayo, ndipo ana athu sakudikira kuti tibwerere kaye kenako akule. Akukula pompano. Mwana amene amangomva "khala chete" ndi "fulumira" adzakula ndi mantha athu, pamene iye nkhondoyo sanaione. Komanso ola limene mwamutenga, mayi ake amapumako. Ine ndemwe, tsiku limene ndayenda naye ndimagona tulo tabwino.

Pali zochepa zoti tisamale. Kuno kumatentha, choncho tulukani m'mawa kapena dzuwa likapendeka, ndipo tengani madzi akumwa. Musamutaye maso pafupi ndi maenje, zimbudzi, madzi odikha kapena msewu wa galimoto. Chilichonse chimene watola amafuna kuchilawa, ndiye yang'anitsitsani, ndipo mukafika kunyumba musambitseni m'manja ndi sopo. Bwererani kusanade, udzudzu usanayambe. Akatopa munyamuleni, paphewa la bambo pamakwana mwana. Chachikulu, musamukoke. Mulekeni atsogole, inu muzitsata.

Amene mulibe mwana wamng'ono, pali amayi ena pakati pathu amene akulera okha ana atatu kapena anayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pemphani, mutengeko mmodzi mukazungulire naye.

Mawa 4 koloko madzulo ine ndi mwana wanga tidzakhala tikulowera kumlambe kuja. Amene mukufuna, tipezane. Musadandaule kuti mwachedwa, mudzatipeza tikadali panjira, tikuwerenga nyerere.