Mau a Mlembi pa Chikondwerero cha Mvano ku Kanduku: Za Kulera Atsogoleri

Andipempha kuti ndinenepo za m'mene mtsogoleri angathandizire wina kuzindikira kuti nayenso angathe kutsogolera. Ine ndiona kuti njira yake ndi imodzi basi: kumpatsa munthu ntchito yeniyeni, iwe n'kuima chapatali pang'ono.

Tiyambe ndi mbiri ya Sinodi yathu ya Blantyre. M'busa David Clement Scott anafika pa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1881. Iye sanadikire kuti anthu akuda ayambe adziŵa zonse. Tchalitchi chachikulu chija cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a makolo athu amene anaphunzira umisiri wa njerwa pantchito pomwepo, ndipo chilipobe. Pambuyo pake anasankha anyamata ena naŵaika kukhala madikoni, ngakhale Azungu ena sanakondwere nazo. Mmodzi wa iwo anali Harry Kambwiri Matecheta, amene anamtuma ku Nthumbi, m'dziko la Angoni, kutali ndi maso a Scott. M'chaka cha 1911 Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyo. Achikhala anangomsunga pa Blantyre kuti azinyamula mabuku a Mzungu, ndani akadadziŵa zimene zinali mwa iye? Ife amai tinadikira zaka zina pafupifupi 90 kuti mai woyamba adzozedwe ubusa m'Sinodi yomweyi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono tibwere kwathu kuno. Taonani ana athu akazi ndi apongozi athu aang'ono amene avala bulauzi yoyera posachedwapa. Nthaŵi ya manachesi iwoŵa amapikula, nagulitsa pa mseu wa ku Mwanza, namadziŵa phindu lao mpaka tambala yomaliza. Ena amaoloka malire kunka ku Zobue kukachita malonda. Ena ndiwo agwira buku la banki mkhonde m'mudzi, ndipo palibe amene adandaula. Koma akaloŵa mu Mvano tiŵapatsa chiyani? Kutunga madzi, kusonkha moto ndi kutsuka mbale pa maliro. Ntchitozi n'zabwino, tonse tinazigwira, koma munthu sangadziŵe kuti atha kutsogolera pemphero ngati zaka zisanu akhala ali kuseri kwa khitchini.

Choopsa chake n'chakuti buku la ndalama alidziŵa ndi munthu mmodzi, nyimbo aziyambitsa ndi mmodzi, makalata a ku Presbitale aŵerenga ndi mmodzi. Tsiku limene mai ameneyo adwala kapena asamuka, ntchito yonse iima. Ndiponso achitsikana akaona kuti malo palibe, sakangana nafe ai, amangoleka kubwera mwakachetechete.

Inu amai akuluakulu, kumpatsa mwana ntchito si kumtaya. Muyambe mwamuuza poyera chimene mwaona mwa iye, monga kunena kuti, "Mwananga, ndakumva m'mene unamtonthozera namfedwa uja, sabata yamaŵa utsogolere ndiwe." Ambiri sadziŵa mphatso yao kufikira wina ataitchula. Akaimirira, musamlande mau pakamwa. Akaphonya vesi, musatsinane kapena kutsokomola. Ichi ndiye chimapha ambiri. Muchite monga Priskila ndi Akula m'buku la Machitidwe mutu 18, amene atamva Apolo alikulalikira mopereŵera, anamtengera pambali namkonza bwino, iye n'kupitiriza ntchito. Ndipo zikayenda bwino, dzina lotchulidwa pamaso pa abusa likhale lake, osati lanu.

Kotero komiti yanu ipempha zinthu izi chaka chino. Aliyense wa udindo, kuyambira apampando, mlembi ndi msungichuma, asankhe mai wamng'ono woyenda naye, ndipo pa miyezi itatu iliyonse wamng'onoyo ndiye aŵerenge lipoti. Pokayendera odwala ndi okalamba, gulu lililonse lizitsogozedwa ndi mai amene sanatsogolerepo. Ukabwera mwai wa maphunziro a ku Chigodi, tizitumiza nkhope zatsopano, ndipo ndalama ya ulendo tisonkhe tonse. Maina muŵapereke kwa ine mwezi uno usanathe, kuti abusa aŵaone tisanaŵalengeze.