Kutenthetsa Madzi Popanda Nkhuni

Omvera amene anayendapo kwa Khombedza, pa mseu wochokera ku Salima kunka ku Nkhotakota, akudziŵa m'mene dzuŵa limaombera kumeneko mwezi wa Okotobala. Madzi osiyidwa pabwalo m'ndowa amafika masana atafunda okha. Chikhalirecho, madzulo amayi amasonkhabe moto kuti atenthetse madzi osamba, pamene nkhuni zikunka zitalikira chaka ndi chaka.

M'chaka cha 2021 m'boma lomweli la Salima munatsegulidwa malo opanga magetsi ochokera ku dzuŵa, a mphamvu ya megawati 60. Koma pofuna madzi otentha sipafunika kusandutsa dzuŵa kukhala magetsi ai. Bokosi lakuda lovundikira galasi, m'kati mwake muli mipope yamkuwa, likwanira. Liikidwe padenga moyang'ana kumpoto, ndipo thanki ikhale pamwamba pake, pakuti madzi akatentha amakwera okha popanda pampu.

Palinso kutentha kwina kumene kumatayika anthu akuona. Makina oziziritsa zipinda, amene amapezeka m'maofesi ndi m'nyumba zogona alendo za kunyanja, sapha kutentha; amangokutola m'chipinda ndi kukakutaya panja. Ichi ndicho chifukwa chake bokosi la kunja kwa khoma limauzira mphepo yofunda. Mpope wotuluka mu injini ya bokosilo umatentha mosagwirika. Tsono amisiri amaugundanitsa ndi mpope wa madzi, kotero kuti kutentha kuja kumaloŵa m'madzimo m'malo mouluka.

Nzeru yagona pa kasanjidwe. Madzi ozizira ayambe adutsa pa makinawo, pambuyo pake akwere kudenga kuti dzuŵa likatsirize ntchito. Akasinthanitsa, madzi amafika pa makina atatentha kale, ndipo salandiranso kanthu kwenikweni. Phindu lake si laling'ono: kutenthetsa malita 100 kuchokera pa madigiri 25 kufika pa 55 kumadya mayuniti 3.5 a magetsi, ndipo nyumba ya alendo imatha malita ochuluka kuposa apa tsiku lililonse.

Nthaŵi ya dzinja, mitambo ikaphimba dzuŵa koma m'nyumba muli chifundi, makina amagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo amakwaniritsa zimene dzuŵa lapereŵeza. Vuto lili pa Juni ndi Julaye. Mwera ukamaomba, palibe woyatsa makina oziziritsa, chonsecho ndi pomwe aliyense amafuna madzi otentha. Chotero bokosi la padenga liyesedwe kukula kwake ngati kuti lidzagwira ntchito lokha, ndipo thanki ikutidwe bwino kuti madzi asazizire usiku.

Munthu asagule makina oziziritsa kaamba ka madzi otentha. Njirayi ndi ya amene ali nawo kale. Mipope yake asaidule wina aliyense koma mmisiri wa mafiriji, popeza mpweya wa m'katimo ndi wopanikizika kwambiri, ndipo ukathaŵa makinawo saziziritsanso.